Kope, hadikava, dayale kapena fayilo: kusankha buku lolembamo dongosolo la tsiku ndi tsiku

Zimene munthu wa mu Zomba muno amasenza m'mutu pa sabata imodzi n'zambiri ndithu. Tsiku la lendi, mayunitsi a magetsi amene atsala pang'ono kutha, bilu ya madzi, fizi ya teremu ino, sikelo ya mwana, masheya a ku banki mkhonde, msonkhano wokonzekera chinkhoswe, chipepeso cha maliro a kumpingo, kuwonjezera apo uja anatenga katundu pa ngongole n'kunena kuti "ndikuonani mwezi ukatha". Foni imathandiza, koma magetsi akathima tsiku lathunthu nayonso imagona, ndipo belu lake likalira muli pakati pa ntchito mumangolitseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Buku lolemba pamanja silifuna kutchaja, silifuna bandulo, ndipo mukalitsegula sabata yonse imaonekera pamodzi.

Pamene pamavuta m'posankha buku lake. Ambiri amagula lokongola mu Januwale, pofika Malichi lili pamwamba pa kabati likutola fumbi. Nthawi zambiri si ulesi ayi, koma kuti bukulo analipangira moyo wa munthu wina. Pano ndiyerekeza njira zisanu zimene munthu angazikwanitse kuno, ndipo iliyonse ndiiyeza pa mtengo, kupezeka kwake, kasamalidwe ndi zoopsa zake.

Mafunso oyamba musanatulutse ndalama

Funso lalikulu, limene ambiri salifunsa n'komwe, n'lakuti chaka chanu chimayamba liti. Kalendala imati Januwale, koma m'boma lino muli zaka zingapo zoyenda nthawi imodzi. Kwa mphunzitsi, mwana wa sukulu ndi kholo lolipira fizi, chaka chimayamba Seputembala n'kutha Julayi, mayeso a MANEB atalembedwa. Wophunzira pa yunivesite ku Chirunga amawerengera masemesita. Mlimi wa ku Jali kapena ku Mayaka amayamba ndi kusosa ndi kupanga mizere dzuwa likuswa mtengo, amabzala mvula yoyamba ikagwa cha mu Novembala kapena Disembala, ndipo chaka chake chimatha chimanga chikalowa m'matumba. Wogwira ntchito m'boma, kuyambira 2022, chaka chake cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi. Buku loyamba Januwale n'kutha Disembala limadula zaka zonsezi pakati, ndiye mukafuna kuona zimene munawononga pa munda umodzi kapena pa chaka chimodzi cha sukulu muyenera kusanthula mabuku awiri.

Funso lachiwiri n'lakuti masana bukulo lizikhala kuti. Wokhala pa desiki angakwanitse lalikulu la A4, lomwe ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Woyenda ndi kachikwama limamuyenera la A5, theka la A4. Wa kabaza, mmisiri ndi wogulitsa mumsika manja awo amakhala otanganidwa, ndipo buku losalowa m'thumba limatsala kunyumba. Buku lotsala kunyumba limalembedwa madzulo kuchokera m'mutu, zina zitaiwalika kale.

Chachitatu ndi nthawi. Njira zotsika mtengo zimalipiritsa ndi dzanja lanu, pakuti mizere ndi madeti mumajambula nokha. Dziuzeni zoona ngati Lamulungu madzulo mungapeze mphindi khumi ndi zisanu zogwira rula. Ngati simungazipeze, musadzinamize, sankhani buku losindikiza kale.

Pa za mtengo, werengerani chaka chonse osati tsiku logula lokha. Mapepala ambiri amene timalembapo amachokera kunja, choncho mtengo wake umatsatira kwacha. Kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, makope ndi mapepala a fotokope anakwera nawo. N'chifukwa chake ndiyerekeza njirazi ina ndi inzake m'malo motchula makwacha oti mwezi wa mawa asintha.

Palinso nyengo yathu. Tauni ya Zomba ili m'tsinde mwa phiri, mvula yake kuyambira Novembala mpaka Epulo si yamasewera, ndipo mu Juni ndi Julayi chiperoni chimasiya chinyontho m'nyumba. Pepala limachita chuku, timawaya tomangira makope timachita dzimbiri. Inki ya bolopeni wamba ndi yamafuta, choncho dontho la mvula siliifafaniza msanga. Inki ya zolembera za gel zambiri ndi yamadzi, imayenderera ikanyowa ndipo pa pepala lopyapyala imatulukira kuseri. Pensulo siyenderera konse, kungoti imafufutika mosavuta, ndiye si yolembera ngongole.

Chomaliza n'chakuti ndani angalitsegule. M'nyumba zathu timakhala ambiri, alendo amabwera, ana amafuna pepala. Zina zimene mulembe, monga tsiku lokatenga mankhwala kuchipatala kapena dzina la m'bale amene munamubwereka ndalama, si za aliyense.

Kope wamba la kusukulu

*Mtengo.* Iyi ndi imodzi mwa njira zotsika mtengo kwambiri. Kope la masamba 80 limakwana bwino miyezi itatu kapena teremu imodzi: masamba awiri oyamba a zamkatimu, masamba 6 a miyezi itatuyo, masamba 26 a masabata 13, ndipo otsalawo mulembamo ndalama ndi zina. Pa chaka mufunika makope anayi.

*Kupezeka.* Kulikonse. Mumsika waukulu wa Zomba, m'maokala a ku Chinamwali, Matawale, Sadzi ndi Mpondabwino, ngakhale pa Songani kapena Thondwe. Likatha lero, mawa mwapeza lina lofanana nalo. Ine ndimakonda la masamu la timabokosi, chifukwa mizere yotsika ilimo kale, kalendala ya mwezi mumaijambula popanda kuyeza ndi rula.

*Kasamalidwe.* Likutireni tsiku loyamba lomwelo ndi pepala lolimba, pamwamba pake pulasitiki. Pachikuto lembani nambala ya kopelo ndi miyezi yake, mwachitsanzo "Kope 2, Januwale mpaka Malichi". Ntchito yaikulu ndi yosamutsa: kope likatha muyenera kukopera m'latsopano ngongole zonse zosabwezedwa, manambala a foni ndi madeti a m'tsogolo. Zimenezi zimachitika kanayi pa chaka, ndipo apa m'pamene zinthu zimasowera.

*Zoopsa zake.* Masamba apakati amathothoka, makamaka timawaya tikachita dzimbiri. Pepala la makope otsika mtengo limasanduka lachikasu n'kuyamba kuthetheka pakapita zaka zochepa, ndiye si losungiramo umboni wa nthawi yaitali. Choopsa china chili m'nyumba momwemo: kopeli limafanana ndi la ana. Mwana amene aphunzitsi amuuza kuti abwere ndi pepala la mayeso sasankha kope long'amba.

Hadikava yoikonza nokha

Iyi ndiye njira imene ndimailimbikitsa kwa anthu ambiri, choncho ndikhalapo pang'ono.

*Mtengo.* Pogula imaposa kope kangapo, koma hadikava imodzi imagwira ntchito ya makope anayi aja ndipo simusamutsa kanthu chaka chonse. Mahadikava amawerengedwa m'makwaya: kwaya imodzi ndi masamba 96, makwaya awiri 192, atatu 288, anayi 384. Wa makwaya awiri ndi wokwana chaka. Onani masamu ake: masamba 4 a zamkatimu, 4 a chaka chonse (miyezi itatu pa tsamba), 24 a miyezi khumi ndi iwiri, 104 a masabata 52. Zonse pamodzi ndi 136, kutsala masamba 56 a zanuzanu. Musakopeke ndi ya makwaya anayi poganiza kuti mwapulumutsa ndalama. Ndi yolemera, ndipo buku lolemera limasiyidwa kunyumba.

*Kupezeka.* M'masitolo a makope ndi zolembera m'tauni simusowa, makamaka sukulu zikamatsegulira, ngakhale kuti nthawi imeneyo mitengo imakhalanso yokwera. Ya A4 ndiye yofala. Ya A5, imene ili yabwino kunyamula, imafuna kufufuza pang'ono. Musanalipire, itseguleni pakati muone ngati masamba ndi osokedwa ndi ulusi kapena ongomatidwa ndi guluu. Yosokedwa imagona bwino pa tebulo ndipo imapirira. Yomata imayamba kulavula masamba msana ukangosweka.

*Kasamalidwe.* Kakonzedwe kamene anthu ambiri akutsatira masiku ano kanatchuka ndi Ryder Carroll wa ku New York, amene anakaika poyera mu 2013 pa dzina lakuti Bullet Journal. Pa intaneti mudzaona masamba okongoletsedwa ndi maluwa ndi mitundu ya utoto, koma njira yeniyeniyo ndi ya bolopeni imodzi basi. Choyamba mumalemba manambala pa masamba onse, kapena pa akumanja okha kuti musatope. Kutsogolo mumasiya zamkatimu, ndipo mutu uliwonse watsopano mumaulemba pamenepo ndi nambala ya tsamba lake. Kenako pamabwera masamba a chaka, pomwe mumaponya chilichonse chakutali: tsiku lotsegulira sukulu, ukwati wa mu Okutobala, tsiku logawana ndalama ku banki mkhonde. Mwezi ukayamba mumalemba madeti motsika kuyambira 1 mpaka 30 kapena 31 kumanzere, zofunika kuchita mweziwo kumanja.

Zizindikiro zake n'zochepa. Kadontho ndi ntchito yoti muchite, kozungulira ndi chochitika cha tsiku lake, kamzere ndi chinthu chongofuna kukumbukira. Ntchito ikatha mumathetha kadontho kaja ndi X, ikalephereka mumaikapo chizindikiro cha > n'kuilembanso kutsogolo. Kulembanso kumeneku kumaoneka ngati kutaya nthawi, koma ndiko kumene kumasefa. Mukaona kuti "kukaonana ndi a kalipentala za chitseko" mwakusamutsa kachitatu, mumakakamizika kusankha: kapena muikire tsiku ndi ndalama yake, kapena muvomere kuti chitsekocho sichikonzedwa chaka chino.

Ubwino waukulu ndi masamba 56 aja, chifukwa m'menemo ndi mmene buku limakhala lanu. Tsamba la ngongole ligaweni pawiri, amene muli nawo ngongole ndi amene ali ndi ngongole kwa inu, ndipo pa dzina lililonse pakhale deti, ndalama ndi tsiku lolonjezedwa. Tsamba la mayunitsi likhale ndi tsiku logula, ndalama ndi mayunitsi amene munapeza. Pakatha miyezi itatu mudzadziwa kuti nyumba yanu imadya mayunitsi angati pa sabata, ndipo simudzadzidzimukanso mita ikulira usiku. Tsamba la kumunda lilembedwe tsiku lobzala, mtundu wa mbewu, tsiku lothira feteleza wokulitsa, tsiku loyenera wobereketsa pakatha masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera, ndalama za aganyu, ndi matumba amene munakolola. Mayi wa khanda alembe masiku a katemera, pa masabata 6, 10 ndi 14 kenako pa miyezi 9, kuti aziwaonera patali. Buku la kuchipatala likhalebe lomwelo lopita nalo ku sikelo, ili ndi longokumbutsa.

Chimene ndimachenjeza n'chakuti musajambule masabata onse 52 tsiku limodzi. Jambulani sabata imodzi kapena ziwiri kutsogolo. Mmene mukuganizira mu Seputembala kuti tsamba lizioneka si mmene mudzalifunire mu Febuluwale.

*Zoopsa zake.* Zonse zili m'buku limodzi, ndiye likasowa mu minibasi ya ku Limbe mwataya chaka chathunthu. Mkati mwa chikuto lembani dzina ndi nambala ya foni, koma PIN ya Airtel Money, Mpamba kapena khadi ya kubanki isalembedwemo ngakhale mobisa. Mwezi ukatha jambulani zithunzi za masamba a ndalama pa foni yanu. Amene anaona mmene madzi a Namondwe Freddy analowera m'nyumba mu Malichi 2023 safuna kuuzidwa chifukwa chake. Chiswe ndi mphemvu zimakonda chikuto ndi guluu wake, choncho buku lisagone pansi kapena lotsamira khoma la chinyontho. Choopsa china ndi kugwa ulesi: sabata imodzi ikadutsa osajambula, yachiwiri imatsatira. Zikatero musayese kudzaza mmbuyo. Tsegulani tsamba lotsatira, lembani deti ya lero, pitirizani. Hadikava sisiya masamba opanda kanthu okutsutsani, ndipo apa ndi pamene imaposera dayale.

Dayale yosindikiza kale

*Mtengo.* Yogula m'sitolo ndi yokwera kuposa hadikava, makamaka ya tsamba limodzi pa tsiku ndi chikuto chooneka ngati chikopa. Komabe ambiri amailandira ulere kuntchito, kubanki, ku makampani a inshuwalansi kapena ku mabungwe. Ikafika Malichi ogulitsa amatsitsa mtengo, koma apo mukugula buku loti gawo lina linafa kale.

*Kupezeka.* Ndi ya nyengo, imaoneka cha kumapeto kwa chaka mpaka Febuluwale. Mukaganiza zoyamba dongosolo mu Juni, kapena yanu ikasowa mu Ogasiti, kupeza ina n'kovuta. Ngati m'kabati muli dayale yakale yosalembamo, musaitaye: masiku a 2015 akugwirizana ndi a 2026, ndipo a 2021 akugwirizana ndi a 2027. Zosintha ndi maholide oyendayenda okha monga Pasaka ndi Eid.

*Kasamalidwe.* Apa ndiye pali mphamvu yake. Palibe rula, palibe kujambula, mumangotsegula pa deti n'kulemba. Munthu akakuuzani kuti msonkhano uli pa 17 mwezi wa mawa, tsamba lake lilipo kale likudikira. Ntchito yokha ndi yokonza maholide tsiku loyamba. Madayale ambiri ochokera ku South Africa amaonetsa 27 Epulo, 16 Juni ndi 24 Seputembala ngati masiku opuma, koma mulibe 15 Januwale tsiku la John Chilembwe, 3 Malichi, 14 Meyi, 6 Julayi kapena 15 Okutobala tsiku la anakubala. Lembanimo nokha musanapangane ndi munthu tsiku loti maofesi ndi otseka.

*Zoopsa zake.* Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Itseguleni muone Loweruka ndi Lamulungu: m'madayale ambiri masiku awiriwa amapanikizidwa pa tsamba limodzi kapena m'kabokosi kakang'ono, poti opanga ake amaganizira munthu wa muofesi amene sabata yake imatha Lachisanu. Kwathu kuno Loweruka ndilo tsiku la ukwati, chinkhoswe, kuoda katundu, kuchapa ndi kupita kumunda, ndipo Lamulungu pali tchalitchi, mphakati, misonkhano ya banja. Masiku odzaza kwambiri ndi amene apatsidwa malo ochepa. Komanso tsiku lililonse lili ndi malo ofanana, pamene moyo suyenda choncho: tsiku la maliro kapena logula zipangizo za nyumba limafuna masamba awiri, Lachiwiri wamba mizere itatu. Malo a ngongole, munda ndi banki mkhonde mulibe, kupatula timasamba tochepa kumapeto. Ndipo mukadwala masabata awiri, masamba oyera aja amakhalapo mpaka Disembala, ndipo ndi amene amagwetsa anthu mphwayi.

Fayilo ya mphete kapena masamba osindikiza nokha

*Mtengo.* Pali mitundu iwiri. Mafayilo ang'onoang'ono a mphete zisanu ndi imodzi, onga a Filofax, kampani imene inayamba ku London mu 1921, ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo mapepala ake ali ndi muyeso wakewake. Njira yotheka kuno ndi fayilo wamba ya muofesi ya mphete ziwiri, yomwe mabowo ake amatalikirana mamilimita 80, pamodzi ndi chobowolera mapepala. Tsamba la sabata mumalikonza kamodzi, pa kompyuta kapena pamanja ndi rula, n'kukalichulukitsa pa fotokope. Pepala limodzi la A4 lolembedwa mbali zonse limanyamula masabata awiri, choncho chaka chonse ndi mapepala 26. Dziwani kuti a fotokope amawerengera mbali iliyonse payokha, ndiye mulipira mbali 52. Mukaphatikiza fayilo, chobowolera ndi fotokope, chaka choyamba chimaposa hadikava. Zaka zotsatira mumangogula mapepala.

*Kupezeka.* Pa ichi Zomba ili ndi mwayi. Chifukwa cha yunivesite ndi maofesi a boma, malo a fotokope ndi obayinda ndi ambiri m'tauni ndi kufupi ndi Chirunga. Fayilo ya A4 simusowa. Ya A5 ndi mapepala a mphete zisanu ndi imodzi n'zosowa, mwina mpaka mutumize ku Blantyre. Kumbukiraninso kuti masamba akatha magetsi kulibe, mudikira.

*Kasamalidwe.* Pepala la fotokope ndi lokhuthala kuposa la makope ambiri, limalandira cholembera chilichonse. Pemphani makina a fotokope kapena pulinta ya laser, chifukwa zolemba zake sizisungunuka ndi madzi, pamene za pulinta ya inki zimayenderera. Mutha kugawa fayilo ndi timakatoni: ntchito, nyumba, mpingo, geni. Masamba akale mumachotsa n'kusunga m'envelopu yolembedwa mwezi wake, koma izi zimafuna munthu wosamala. Ena amasankha kubayinda ndi pulasitiki yamano ija. Buku lotero limapepuka, kungoti ufulu wosuntha masamba watha, ndipo mano ake amathyoka m'chikwama.

*Zoopsa zake.* Tsamba lochotseka ndi tsamba lotayika. Mabowo amang'ambika, mphete zimachita dzimbiri n'kusiya kulumana. Chofunika kwambiri n'chakuti fayilo si yosungiramo ndalama za gulu. Msungichuma wa Mvano, wa kwaya kapena wa banki mkhonde akabwera ndi masamba otheka kuchotsa ndi kuikamo ena, ngakhale akhale wokhulupirika chotani, wapereka mpata woti anthu amukayikire. Ndalama za anthu zilembedwe m'buku losokedwa, la manambala pa tsamba lililonse.

Kabuku ka m'thumba ndi kalendala ya pakhoma

*Mtengo.* Pafupifupi palibe. Kabuku ka A6, mamilimita 105 ndi 148, n'kotsika mtengo, ndipo mutha kudula kope wamba pakati ndi mpeni wakuthwa, pakati pa timawaya tiwiri tija, n'kupeza timabuku tiwiri. Kalendala ambiri amalandira kumpingo, kubanki kapena kwa ogulitsa zipangizo za ulimi.

*Kupezeka.* Kabuku nthawi iliyonse. Kalendala ya timabokosi tikulutikulu tolembamo ndiye yosowa, poti zambiri chithunzi chimadya malo onse. Ikasowa, jambulani yanu pa pepala la A4 mwezi ndi mwezi.

*Kasamalidwe.* Masana zonse zimalowa m'kabuku. Madzulo za madeti zimakwera pakhoma, pomwe aliyense m'nyumba aziona: tsiku la msonkhano wa makolo kusukulu, tsiku lopita kuchigayo, tsiku lobwera agogo kuchipatala chachikulu. Pa njira zonse zisanu ndi iyi yokha imene imagawa katundu wa kukumbukira kwa banja lonse, m'malo moti amayi okha ndiwo azisenza.

*Zoopsa zake.* Malo olemba ndi awiri, ndipo tsiku limene simunasamutse ndi limene chinthu chimaphonyeka. Kabuku kamachapidwa pamodzi ndi thalauza. Khoma limawerengedwa ndi mlendo aliyense, choncho ndalama ndi za matenda zisakwerepo. Mbiri ya chaka simukhala nayo, pokhapokha muzisunga timabuku takale m'chitini chotseka.

Iti ikuyenera ndani

Ngati simunasungepo buku lotere, yambani ndi kope la timabokosi kwa miyezi itatu. Mukafika kumapeto kwake mukulembabe, mwadziwa masamba amene mumawagwiritsadi ntchito, ndipo ndalama ya hadikava simuitaya pachabe.

Mphunzitsi, wophunzira wa ku Chirunga kapena ku Domasi, ndi kholo la ana angapo a sukulu atenge hadikava ya makwaya awiri n'kuiyamba mwezi umene chaka chawo chikuyamba. Wophunzira asaphatikize manotsi a m'kalasi m'menemo, adzadzaza buku semesita isanathe. Mlimi nayenso hadikava, kuyambira nthawi yososa, ndipo isatayidwe chaka chikatha, chifukwa phindu lake lenileni limaoneka poyerekeza zokolola za chaka chino ndi za chaka chatha.

Amene tsiku lake limayendera maola ndi misonkhano yokonzedwa ndi anthu ena, monga mlembi wa muofesi, namwino wa mashifiti, m'busa kapena shehe, dayale imamuyenera, makamaka yoonetsa sabata yonse pa masamba awiri ndi yopatsa Loweruka malo okwanira. Ngati mwailandira ulere, igwiritseni ntchito pa madeti, koma ngongole ndi bajeti zikhale m'kope lapadera.

Fayilo ndi ya munthu woyendetsa zinthu zingapo zosiyana nthawi imodzi, amene ali ndi desiki poiika: womanga nyumba uku ali pantchito, wochita kafukufuku, wapampando wa komiti ya ukwati amene ntchito yake ikatha masamba ake achotsedwe.

Mayi wa geni mumsika, wa kabaza, telala ndi wogula nsomba ku Kachulu kudzagulitsa m'tauni anyamule kabuku ka m'thumba m'kapulasitiki, ndipo kunyumba kukhale hadikava yokoperamo madzulo zimene zaodedwa, zagulitsidwa ndi zatengedwa pa ngongole. Banja lalikulu, kapena losamala wodwala amene anthu amasinthana kumuperekeza kuchipatala, liwonjezere kalendala ya pakhoma pa njira iliyonse imene lasankha. Msungichuma wa gulu akhale ndi mahadikava awiri, ya gulu ndi yakeyake, ndipo ya gulu isainidwe ndi mboni pa tsamba lililonse la ndalama tsiku lomwelo la msonkhano.